Nthaka ikagwedezeka, nyimbo imagwira ntchito yanji?

Mu Disembala 2009 anthu a ku Karonga anaiwala tulo ta m'nyumba. Chivomezi choyamba chachikulu chinabwera pa 6, champhamvu ya 5.8 pa sikelo yoyezera zivomezi. Pa 8 kunabwera china cha 5.9. Anthu atayamba kuganiza kuti mwina zatha, usiku wa pa 19 kuchera pa 20 kunafika chachikulu koposa, cha 6.0, ndipo pakati pa masiku amenewa tizivomezi ting'onoting'ono tinali tosawerengeka. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, mpaka boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika linalengeza kuti Karonga ndi dera la ngozi. Linali dzinja. Mabanja ankagona pabwalo, ena m'matenti, ena pansi pa mapepala apulasitiki, mvula ikugwa, udzudzu wa kunyanja ukudya, nyumba zawo zili poteropo koma wolimba mtima kulowamo palibe.

Apa ndi pomwe chivomezi chimasiyana ndi masoka ena omwe tinawazolowera. Madzi osefukira amachenjeza: mitambo imada, mtsinje umakwera, amene ali maso amasamuka. Mphepo ya mkuntho amailengeza pa wailesi kudakali masiku. Chivomezi sichigogoda, ndipo mpaka lero palibe katswiri amene angatchule tsiku ndi ola lomwe chidzabwere. Chimalanda munthu zinthu ziwiri zomwe sanazikayikirepo chibadwire, nthaka yomwe amapondapo ndi nyumba yomwe amathawiramo. Choipitsitsa, chimabwereza. Munthu wamtima wa m'malo amasanduka wodzidzimuka: lole ikadutsa pamsewu wa M1 mawindo n'kunjenjemera, iye ali kale panja.

Ife a ku Mzuzu nkhaniyi si ya alendo. Nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chachikulu chomwe chinang'ambika kuchokera ku Ethiopia kutsika mpaka ku Mozambique, ndipo mbali ziwiri za chigwachi zikutalikiranabe ndi mamilimita ochepa pa chaka. Miyala ya pansi siisuntha mofatsa. Imakakamira kwa zaka zambiri, kenaka n'kutsetsereka kamodzi m'ming'alu yake, ndiye kugwedezeka komwe timamvako. Phiri lomwe timatsika popita ku Nkhata Bay ndi chikweza cha Chiweta panjira ya ku Karonga ndi zipsera za ntchito yomweyo. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha ku Salima chinapha anthu 9 n'kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pogona. Mu 1910 ku Rukwa, kutsidya kwa malire athu ndi Tanzania, kunachitika cha mphamvu ya 7.4. Manambalawa amanyenga, chifukwa kukwera ndi sitepe imodzi pa sikelo ndiye kuti mphamvu yachulukitsidwa pafupifupi ka 32. Cha ku Rukwa chinaposa cha ku Karonga koposa ka 100.

Tsono munthu amene khoma lamugwera mphika ndi bedi, nyimbo imuthandiza chiyani? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo amene amati nyimbo siidyedwa sakunama. Koma tikati "nyimbo za chiyembekezo" timaphatikiza zinthu zosiyana kwambiri. Ina ndi nyimbo yomwe opulumuka amaimba okha usiku womwewo. Ina ndi ya oimba otchuka yopempha ndalama. Inanso imabwera pambuyo, yosunga chikumbutso ndi phunziro. Kwa ine, yomwe imachiritsa ndi ija yomwe ili m'kamwa mwa ovutikawo, osati yomwe ikuimbidwa za iwo. Zinazo zili ndi malo ake, koma tikazisokoneza timawononga.

Tiyambe ndi ya usiku woyamba. Pa 12 Januwale 2010, Karonga isanaume misozi, chivomezi cha 7.0 chinagumula Port-au-Prince, likulu la Haiti. Omwalira anaposa 100,000, ndipo boma la kumeneko limatchula chiwerengero choposa 300,000. Atolankhani ambiri omwe anali mumzindawo analemba chinthu chimodzimodzi: magetsi atazima, mafoni atafa, anthu atagona m'misewu pafupi ndi mitembo, mdima ukagwa ankamva magulu akuimba nyimbo za m'tchalitchi mpaka mbandakucha. Palibe anawauza kuti aimbe. Panalibe situdiyo kapena wokonza mwambo.

Mmalawi sangadabwe nazo zimenezi, chifukwa amazidziwa pa maliro. Taonani mmene zimakhalira ku Chibavi kapena ku Zolozolo usiku wa pasiwa. Abambo ali panja pamoto, amayi ali m'nyumba pamphasa, miyendo yotambasula, zitenje m'mapewa poti Mzuzu usiku sachedwa kuzizira. Ofedwa alira mpaka mawu asasa. Pamakhala kachetechete kolemera, kenaka mayi mmodzi wa Umanyano kapena wa Chigwirizano, atatsamira khoma, amayambitsa nyimbo ndi mawu apansipansi, osayang'ana aliyense. Mzere woyamba amauimba yekha. Wachiwiri awiri atatu amulandira. Pofika pa kolasi nyumba yonse yalowa, besi ya abambo ikuyankha kuchokera pamoto, ndipo mayi wofedwa uja, yemwe mphindi zapitazo ankabanika ndi kulira, milomo yake yayamba kutsatira. Sanasiye chisoni. Koma wayamba kupuma.

Kupumako ndiye nkhani yake. Munthu akachita mantha thupi limadzikonzera kuthawa: mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwambapamwamba, minofu imakungika. Pa chivomezi chobwerezabwereza thupi limakana kutsika, munthu amakhala chimangire masiku ndi masiku, tulo osabwera, chakudya osalowa. Kuimba kumakakamiza munthu kukoka mpweya wambiri kamodzi n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka mzere uthe, ndipo kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa liwiro la mtima. Ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anayeza mitima ya oimba kwaya mu 2013, napeza kuti akamaimba limodzi mitima yawo imayamba kukwera ndi kutsika nthawi imodzi, chifukwa onse akupuma pamalo amodzi mu nyimboyo. A ku yunivesite ya Oxford mu 2015 anayerekeza makalasi a akuluakulu osadziwana, ena oimba, ena ochita zaluso la manja kapena zolemba, ndipo oimba ndi omwe anazolowerana msanga. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lalikulu losonkhanitsa kafukufuku wa zaluso ndi umoyo, lomwe linavomereza kuti nyimbo zimathandiza pa nkhawa ndi kupsinjika maganizo.

Palinso china chomwe makina sayeza. Nyimbo yodziwika ilibe zodzidzimutsa. Ukudziwa mzere ukubwera, ukudziwa pomwe kolasi ibwerere, ukudziwa pomwe ithere. Kwa munthu amene sakudziwa ngati nthaka ikhala chete mphindi ikubwerayi, kukhala ndi chinthu chimodzi chomwe mathero ake akuwadziwa ndi mpumulo waukulu. N'chifukwa chake usiku woyamba sufuna nyimbo yatsopano, ngakhale itakoma chotani. Umafuna ya m'buku la Nyimbo za Mulungu kapena Sumu za Ukristu, kolasi ya ku Sande sukulu, kasida wa ku madrasa, kapena yotonthoza mwana yomwe agogo ankaimba. Mu 2007 gulu la akatswiri a maganizo lotsogoleredwa ndi Stevan Hobfoll linalemba zinthu zisanu zomwe anthu amafunikira tsoka likangochitika: kumva kuti ali otetezeka, kudekha, kumva kuti iwo ndi anzawo angathe kuchitapo kanthu, kulumikizana ndi ena, komanso chiyembekezo. Kuimba pamodzi sikupereka choyambacho, chimenecho chimafuna tenti, bulangete ndi neti ya udzudzu. Koma zinayi zotsalazo kumazikhudza zonse, popanda kulipira ngakhale tambala.

Komabe ilipo nthawi yomwe nyimbo iyenera kutseka pakamwa. Pa 19 Seputembala 2017, tsiku lomwelo lomwe ankakumbukira chivomezi cha mu 1985, mzinda wa Mexico unagwedezekanso ndi cha 7.1. Anthu wamba anathamangira ku nyumba zosanja zomwe zinagwa, napanga mizere yopatsirana zidebe za zigumukire. Pogwira ntchitoyo ankaimba Cielito Lindo, nyimbo yakale yomwe aliyense kumeneko amaidziwa kuyambira ali mwana. Koma wopulumutsa anthu akangokweza chibakera m'mwamba, aliyense ankakwezanso chake mpaka kumapeto kwa msewu, ndipo pompo kunkati zii, injini kuzimitsidwa, nyimbo kudukira pakati pa mzere. Ankafuna kumva ngati pansi pa simenti pali wina akugogoda. Ine ndimaona kuti chibakera chija n'chofunika kuchiphunzira kuposa nyimboyo, makamaka kwathu kuno komwe chizolowezi chathu n'kufika pamalo a tsoka ndi jenereta ndi masipika aakulu ngati tabwera ku msonkhano wa ndale.

Phokoso la besi limagwedeza chifuwa ndi malata, ndipo kwa mwana amene wangopulumuka pa chivomezi kugwedezeka kumeneko si chisangalalo. Buku la WHO la mu 2011 lophunzitsa chithandizo choyamba cha maganizo limayika zinthu mu ndondomeko iyi: yang'ana, mvetsera, kenaka lumikiza munthu ndi thandizo lomwe akufuna. Limanenanso momveka kuti munthu asakakamizidwe kulankhula. N'chimodzimodzi ndi kuimba. Kwaya ya ku Katawa ikapita kukaona anthu kumsasa, ntchito yoyamba si kufola mizere ndi yunifomu. Ndi kukhala pansi, kulonjera, kufunsa kuti "Amama, mwagona bwanji kuno? Ana akudya?" kenaka, ngati mpata ulipo, "Kodi kuno mumakonda kuimba iti?" Iwo ayambitse, alendo alandire. Wina akakhala chete kumbali, musiyeni. Ndipo ngati patha milungu ingapo munthu akadalota zoopsa, sakugona, sakufuna kulowa m'nyumba ina iliyonse, kapena wayamba kumwa mowa mopyola, pamenepo nyimbo yafika pa malire ake. Ku Mzuzu kuno tili ndi mwayi woti a St John of God akhala akuthandiza anthu pa matenda a maganizo kwa zaka zambiri, ndipo munthu wotere akuyenera kuonana ndi aphungu ngati amenewo.

Kumpoto kuno, kunena kuti ng'oma ndi nyimbo zimachiritsa mtima si nzeru yobwera ndi ndege. Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, amachita zomwezo poyera: wodwala ali pakati, amayi ndi ana amuzungulira akuimba ndi kuomba m'manja, ng'oma zikumupatsa njira yotulutsira zomwe pakamwa palephera kunena. Mipingo ina siigwirizana naye gule ameneyu, ndipo sindikuti aliyense akavine. Chomwe ndikuloza n'chakuti wovutikayo sakhala woonerera. Mudzi umamuimbira uli naye limodzi, iye ali pakati.

Tsopano za mawu, poti apa ndi pomwe timapunthwa kawirikawiri. Tsoka likangogwa, pasanathe sabata pa wailesi ndi pa WhatsApp pamadzaza nyimbo zonena kuti Mulungu wakwiya, tachimwa, masiku otsiriza afika. Pa chivomezi mayesero ake ndi aakulu zedi, poti Mateyu 24 amatchula zivomezi ndipo mlaliki aliyense vesilo ali nalo pamtima. Taganizirani mayi amene mwana wake wa chaka chimodzi wapsinjidwa ndi khoma akumva nyimbo yoti izi ndi mphotho ya machimo. Mwamuuza kuti chiyani? Mwamusenzetsa mlandu pamwamba pa maliro. Khomalo linagwa chifukwa njerwa zake zinamangidwa ndi dothi ndipo pamwamba panalibe bimu yozimanga pamodzi, ndipo linagwera wopemphera ndi wosapemphera mofanana. Baibulo lomwelo lili ndi Salimo 46, lomwe limakamba za dziko kugwedezeka ndi mapiri kugwera m'nyanja, koma nkhani yake ndi pothawira, osati chilango. Wopeka nyimbo ali ndi ufulu wosankha pomwe aime.

Mbali inayi kulinso dzenje: nyimbo yothamangira kuseka. "Pukutani misozi, zonse zili bwino" kwa munthu amene akugona pa chinyontho ndi chipongwe chovala suti. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma wa chivomezi sanalire chilichonse, zangomugwera, ndipo ali ndi ufulu wodandaula. Nyimbo zathu za maliro zimadziwa zimenezi. Zimayamba ndi kuvomereza kuti zapweteka, zimatchula imfa ndi dzina lake, kenaka ndiye zimakweza maso. Chiyembekezo chomwe sichinadutse m'chigwa anthu sachikhulupirira.

Chilankhulo nachonso. Ku Mzuzu timasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka m'chiganizo chimodzi osazindikira, ndipo woimba wofuna kumveka dziko lonse amasankha Chichewa. Pa nyimbo yopempha thandizo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wachita bwino. Koma agogo a ku Karonga akadzidzimuka pakati pa usiku amafuula m'Chinkhonde, ndipo nyimbo yowatonthoza iyenera kubwera m'chinenero chomwe amalirira. Mpingo wa Livingstonia unazindikira izi kalekale. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ku Embangweni, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a makolo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zomwe zikuimbidwabe. Zinakhalitsa chifukwa zili ndi mtsogoleri ndi olandira, zimaimbika popanda chida chilichonse, ndipo sizifuna munthu wodziwa kuwerenga. Pamsasa wa anthu othawa chivomezi, pomwe palibe magetsi kapena buku, zofunika ndi zomwezo.

Nanga za oimba otchuka? Zimenezi ntchito yake ndi ndalama, ndipo tiziyeze ndi ndalama. Ku Haiti, oimba oposa 80 anajambulanso We Are the World, yomwe poyamba inapangidwa mu 1985 chifukwa cha njala ya ku Ethiopia, ndipo pulogalamu ya pa kanema ya Hope for Haiti Now pa 22 Januwale 2010 inasonkhanitsa madola oposa 50 miliyoni. Ndi ndalama zenizeni zomwe zinagula madzi ndi mankhwala. Koma nyimbo zotere moyo wake ndi waufupi, makamera akachoka nazonso zimazilala, pomwe kumanganso kumatenga zaka. Ku Armenia chivomezi cha pa 7 Disembala 1988 chinapha anthu osachepera 25,000. Oimba a ku Britain anajambula nyimbo zothandiza chaka chotsatira. Patatha zaka 20, awiri mwa oimbawo, Ian Gillan ndi Tony Iommi, atapita kumeneko anapeza ana a sukulu ya nyimbo mumzinda wa Gyumri akuphunzirabe m'zisakasa zachitsulo zomwe zinayikidwa mongoyembekezera. Anayambanso kusonkhanitsa ndalama pamodzi ndi mabungwe a kumeneko, ndipo sukulu yatsopano inatsegulidwa mu 2013, patapita zaka 25. Chomwe chinamanga sukuluyo ndi kubwerera kwa anthuwo, ndi kusankha chinthu chimodzi chooneka ndi maso.

Kwathu kuno masamu ake ndi ovutirapo. Nyimbo imayenda pa WhatsApp ndi pa memore khadi, anyamata oika nyimbo m'mafoni mumsika wa Mzuzu amaigawa tsiku lomwelo, ndipo ndalama za umwini zomwe COSOMA imatolera zimabwera mochedwa poyerekeza ndi njala ya pamsasa. Woimba amene akuti "ndalama zonse za nyimboyi zipita kwa ovutika" nthawi zambiri akulonjeza ndalama zomwe kulibe. Chomwe chimagwira ntchito ndi phwando la maimbidwe lolipira pakhomo, kapena makwaya kusonkhana pa tchalitchi, anthu n'kubwera ndi matumba a ufa, zofunda ndi malata, kenaka kulengeza poyera kuti zapezeka zingati ndipo zaperekedwa kwa ndani. Ndipo chonde, vidiyo yoonetsa nkhope za ana olira ndi mitembo, woimba atavala magalasi akuda akuyenda pa zigumukire, tiisiye. Anthu aja sanapemphe kukhala zokongoletsa.

Nyimbo ya mtundu wachitatu ndi yomwe imandikoka mtima kwambiri, ndipo chitsanzo chake chabwino chili ku Kobe m'dziko la Japan. Pa 17 Januwale 1995, nthawi ili 5:46 m'mawa, chivomezi chinapha anthu oposa 6,400. Mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ya pulayimale, Usui Makoto, nyumba yake inagwa ndipo anakasungidwa kwa achibale. Patatha pafupifupi milungu iwiri analemba nyimbo yotchedwa Shiawase Hakoberu Yō ni, yoti ana a sukulu aziimba. Sanali munthu wotchuka, anali mmodzi wa ogweredwa nyumba. Nyimboyo imatchula omwalira, imatchula mzinda wovulala ndi dzina lake, ndipo imalonjeza kuumanganso. Lero ana omwe anabadwa zaka zambiri chivomezicho chitachitika amaiphunzira kusukulu ndi kuiimba pa mwambo wa chikumbutso chaka ndi chaka. Madera ena a Japan atagwedezeka pambuyo pake, anthu anaitenga n'kuchotsa dzina la Kobe, kuikapo mawu oti kwathu.

Chivomezi cha 9.0 ndi madzi a tsunami zitakantha kumpoto chakum'mawa kwa Japan pa 11 Malichi 2011, anthu oposa 18,000 n'kufa kapena kusowa, wailesi ya dziko lonse ya NHK sinathamange. Nyimbo yake ya Hana wa Saku inatuluka mu 2012, chaka chitatha. Anaipeka ndi Yoko Kanno ndi Shunji Iwai, onse ochokera m'chigawo cha Miyagi chomwe chinakhudzidwa kwambiri, oimba ake anali anthu a m'madera omwewo, ndipo ndalama za umwini wake zinkapita ku ntchito yomanganso. Mawu ake analembedwa ngati akulankhula ndi omwe anapita, kulankhula kwa otsala. Ife amene timadziwa kusiyana kwa tsiku loika maliro ndi tsiku la sadaka kapena lomanga chiliza tingamvetse chifukwa chomwe anadikirira. Zilipo zina zomwe mtima sungamve sabata yoyamba.

Kenaka pali Simeulue, chilumba cha ku Indonesia, komwe nyimbo inachita zoposa kutonthoza. Mu 1907 chivomezi chinabweretsa madzi omwe anapha anthu ambiri pachilumbapo. Opulumuka anaika phunzirolo m'nthano, m'nyimbo za makolo zotchedwa nandong ndi m'nyimbo zogonetsa ana: nthaka ikagwedezeka kwambiri, nyanja n'kubwerera m'mbuyo, usatole nsomba, thawira kuphiri. Madzi otere amawatcha smong. Pa 26 Disembala 2004, patatha zaka 97, chivomezi chachikulu chinachitika pafupi ndi chilumbacho. M'chigawo cha Aceh anthu oposa 160,000 anafa. Pa Simeulue, mwa anthu pafupifupi 78,000, anafa 7 okha. Panalibe sayirini kapena uthenga wa pafoni. Anthu anathamangira kumtunda chifukwa cha zomwe anamva ali kumsana kwa amayi awo.

Ifenso luso limeneli tili nalo. Madzi ndi miyala zomwe zinatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946 ambiri timazidziwa kudzera mu nyimbo ya Napolo, osati m'buku la mbiri. Ana athu anaphunzira za katemera, za kusamba m'manja ndi za Edzi kudzera m'nyimbo za pa wailesi ndi za amayi a kusikelo ya ana. Vuto la chivomezi n'loti chimabwera patalipatali. Pakati pa Salima ndi Karonga panadutsa zaka 20, ndipo mwana amene anabadwira mu tenti mu Disembala 2009 lero ndi mnyamata kapena mtsikana wamkulu amene sakumbukira kanthu. Chikalata cha malangizo chimathera mu kabati ya ofesi, koma kolasi imayenda yokha.

Zoti zilowe mu nyimbo yotere zilipo kale, ndipo si zambiri. Nthaka ikayamba kugwedezeka, gwada pansi, bisa mutu pansi pa tebulo kapena desiki, gwiritsitsa mpaka kuleke. Ana a sukulu asapanikizane pakhomo. Uli panja, talikira makoma, mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi. Kukaleka, tuluka modekha, zimitsa mbaula, ndipo usabwerere m'nyumba yong'aluka kukatenga katundu chifukwa china chikubwera. Kwa ife a m'mapiri a Masasa ndi Mchengautuwa, komwe nyumba zinamangidwa pa zitunda zodulidwa ndi khasu ndipo mvula yokha imagwetsa makoma, pakufunika vesi lina: nthaka yonyowa ikagwedezeka imatsetsereka, choka pansi pa chitunda.

Vesi lovuta kwambiri ndi la amisiri. Pambuyo pa Karonga boma linakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundo zake mmisiri aliyense wa ku Luwinga angazimve: maziko akuya, njerwa zolumana bwino pa ngodya, mawindo ndi zitseko zisayandikire ngodya, simenti yokwanira m'matope omangira, bimu yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, denga lomangiriridwa ku khoma. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo mwini nyumba akaona mtengo wa thumba la simenti amayamba ndi kuchotsa bimu. Mmisiri naye, poopa kutaya ntchito, amangoti "Bwana, ikhala, zonsezi tinamanga chonchi." Nyimbo siingatsitse mtengo wa simenti. Chomwe ingathe n'kuchititsa kuti nyumba yopanda bimu ikhale chinthu chochititsa manyazi, monga nyimbo za amayi pamtondo zinkachitira ndi mwamuna waulesi, mpaka mwini nyumba azifunsa yekha asanalipire. Magule a malipenga ndi mapenenga a m'mbali mwa nyanja akhala akuimba za zochitika m'mudzi kuyambira kale, makwaya amapeka nyimbo zatsopano pa chikondwerero chilichonse, ndipo mawailesi ngati Voice of Livingstonia, Radio Tigabane ndi Tuntufye FM amamveka m'midzi yomwe akuluakulu a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amafikako pokhapokha zinthu zitaipa kale. Aphunzitsi a pulayimale ndiwo ali ndi ana m'manja m'mawa uliwonse pa asembule, ndipo Disembala aliyense amabwera ndi tsiku loti nyimbo yotere iimbidwe.